Kodi Hisope N'chitsamba Chanji? Ulendo wa Liwu la Chigiriki

Pamene tinkasonkhanitsa mayina a zomera oti alowe m'mndandanda wa mawu obwereka, tidafika pa liwu loti hisope ndipo ntchito idayima. Aliyense wa ife adali atalimvapo liwuli kuyambira ubwana wake, kaya pa mapemphero olapa pamene akuwerenga Salimo 51, kaya pa Lachisanu Loyera pamene akuwerenga za imfa ya Yesu m'buku la Yohane, koma padalibe ndi mmodzi yemwe amene akadatha kuloza chomera n'kunena kuti hisope ndi uyu. Mnzathu wina adawulula kuti ali mwana ankayesa kuti hisope ndi mtundu wa sopo, ndipo sitidamuseke kwambiri, pakuti liwulo limamvekadi ngati sopo, komanso limapezeka kumene akukamba za kuyeretsa. Njira yachidule idalipo: kutsekula mtanthauziramawu wa Chingerezi, kutenga zimene alemba m'menemo n'kuzimasulira m'Chichewa. Tikadatero tikadalemba kuti hisope ndi chitsamba cha maluwa abuluu chimene akatswiri a zomera amachitcha Hyssopus officinalis. Tikadalakwa, ndipo kulakwako kukadalowa m'mabuku a ana asukulu.

Liwuli lidafika m'Chichewa kudzera m'Baibulo. Buku Lopatulika, limene lidamasuliridwa motsogozedwa ndi William Murray wa mishoni ya Dutch Reformed Church, lidatuluka lathunthu m'chaka cha 1922. Omasulira ake sadali amantha pa nkhani ya zomera. Mtengo waukulu wa ku Lebanon adawupatsa dzina la mkungudza, ngakhale kuti mkungudza wa m'phiri la Mulanje ndi mtengo wina. Kambewu kakang'ono ka m'fanizo adakatcha mpiru. Ndipo pa Mateyu 23 adayikapo katsabola ndi chitowe m'malo mwa zokometsera ndiwo za ku Palestine. Koma atafika pa chitsamba chimene tikukambachi sadachipatse dzina lakuno. Adatenga liwu lachilendo n'kuliwongola kuti likhale ndi maphatikizo atatu othera ndi lembo la liwu: hi-so-pe. Lembo la h limene lili kumayambiriro likuwulula lokha kuti liwuli ndi mlendo, pakuti mayina a Chichewa oyamba ndi lemboli ambiri ndi obwereka, monga hema ndi hotela.

Gwero lake ndi liwu la Chigiriki loti hyssopos, limene lidalowa m'Chilatini ngati hyssopus n'kufalikira m'ziyankhulo za ku Ulaya. Komatu m'Chigirikimo nalonso ndi lobwereka. Lidachokera ku ziyankhulo za Chisemiti za kum'mawa kwa nyanja ya Mediterranean: m'Chihebri muli ezov, m'chiyankhulo chakale cha ku Mesopotamia mudali zupu, ndipo m'Chiarabu muli zufa. Agiriki adabwereka mayina ambiri a zonunkhira ndi zokometsera kwa amalonda a kum'mawako, monga kyminon, sesamon ndi kinnamomon; za lomalizali Herodotus mwini wake adalemba kuti Agiriki adaliphunzira kwa anthu a ku Phoenicia. Malonda akabwera ndi dzina lake, dzinalo limakhazikika msanga, koma silikhala nthawi zonse pa chinthu chimene lidabwera nacho. Anthu akapeza chomera cha kwawo chofanana fungo ndi chija cha amalonda, amachitcha dzina lomwelo. Ichi ndicho chidatsitsa dzaye pa nkhani yonse ya hisope.

Munthu amene akadatithandiza koposa ndi Pedanius Dioscorides, sing'anga wa ku Anazarbus m'chigawo cha Cilicia, kumene lero ndi kummwera kwa dziko la Turkey. Cha pakati pa zaka za 50 ndi 70 Khristu atabadwa, iye adalemba buku la magawo asanu lofotokoza za mankhwala, limene limadziwika ndi dzina la Chilatini loti De materia medica. M'bukumo muli zomera pafupifupi 600, ndipo kwa zaka 1,500 asing'anga a ku Ulaya ndi a m'mayiko a Chiarabu ankalidalira. Chizolowezi cha Dioscorides chidali chabwino: ankatchula dzina, n'kufotokoza masamba, phesi, maluwa ndi muzu, n'kunena kumene chomeracho chimapezeka, kenaka n'kutchula matenda amene chimachiza. Koma atafika pa hyssopos, m'gawo lachitatu, adadumpha kufotokozako. Adangoti ndi chitsamba chodziwika, kuti chilipo cha mitundu iwiri, cha kuphiri ndi cha m'dimba, ndi kuti chabwino koposa ndi cha ku Cilicia. (Pa mfundo yomalizayi timukhululukire, ku Cilicia ndiko kudali kwawo.) Za mawonekedwe a masamba kapena mtundu wa maluwa sadanenepo kanthu.

Sitingamudzudzule kwambiri. Mlembi wakuno amene akulemba za ndiwo zamasamba sataya nthawi kufotokoza mawonekedwe a bonongwe kapena chisoso, podziwa kuti mwana aliyense akhoza kukathyola kuseri kwa nyumba. Dioscorides sakadaganiza kuti tsiku lina kudzakhala awerengi odziwa dzina la hyssopos koma osachiwonapo chitsambacho.

Zimene adalemba mwatsatanetsatane ndi ntchito zake. Hyssopos wowiritsa pamodzi ndi nkhuyu, uchi ndi chitsamba china chowawa chotchedwa peganon ankamwetsa odwala chibayo, mphumu, chifuwa chokhalitsa, ndiponso amene sankatha kupuma pokhapokha atakhala tsonga. Ankaphanso njoka za m'mimba. Madzi ake owiritsa ndi nkhuyu ankathandiza pa zilonda zapakhosi, ndipo owiritsa ndi vinyo wosasa ankachukuchira m'kamwa dzino likamawawa. M'gawo lachisanu muli ngakhale vinyo wothiramo hyssopos, wopatsa odwala chifuwa. Tikawerenga zonsezi timawona chitsamba chotentha, cha fungo lamphamvu, cha banja limodzi ndi mpungabwi wathu. Koma banjali ndi lalikulu, ndipo zitsamba zambiri za m'menemo zimagwira ntchito zomwezi.

Pali kachingwe kamodzi kamene Dioscorides adatisiyira mosadziwa. Patsogolo pang'ono, pofotokoza chitsamba china chotchedwa origanos cha ku Heraclea, adati masamba ake amafanana ndi a hyssopos. Iye ankafuna kuti chodziwikacho chithandize awerengi kuzindikira chosadziwika. Ife lero tikuwerenga chiganizocho chobwerera m'mbuyo, pakuti origanos ndiye timamudziwa. Ndi chitsamba chimene anthu a ku Greece ndi Italy amakometsera ndiwo mpaka lero, cha masamba ang'onoang'ono, obulungira ngati dzira ndiponso a cheya. Masamba a Hyssopus officinalis sali otero. Ndi opyapyala, otalikirapo ndiponso osongoka. N'zosadabwitsa tsono kuti mtanthauziramawu wamkulu wa Chigiriki wa Liddell ndi Scott, m'kope lake la 1940, udamasulira hyssopos kuti ndi Origanum hirtum, pamene akatswiri ena amaloza zitsamba za mtundu wa Micromeria. Chitsamba chimene lero chili ndi dzina la Hyssopus ndicho chili kumapeto kwa mzere.

Tsopano tibwerere m'mbuyo zaka mazana atatu, tipite ku Alexandria m'dziko la Egypt, pakuti kumeneko ndiko liwuli lidalowera m'Baibulo. Pakati pa zaka za 300 ndi 200 Khristu asanabadwe, Ayuda oyankhula Chigiriki adayamba kumasulira mabuku asanu a Mose, ndipo ntchito imeneyi ndiyo idabala Baibulo la Chigiriki lotchedwa Septuagint. Omasulirawo adakumana ndi liwu loti ezov, limene limapezeka kakhumi m'Chipangano Chakale chonse. M'Chigiriki mudali kale liwu lomveka chimodzimodzi, lotchulanso chitsamba chonunkhira, ndipo adalitenga. Mlendo amene adapita kwa Agiriki adabwerera kwawo atavala zovala zina. Kumasulira kotereku kumatitsimikizira kuti mayina awiriwa ndi apachibale, koma sikutitsimikizira kuti ezov wa ku Palestine ndi hyssopos wa asing'anga a Chigiriki chidali chomera chimodzi.

M'Chipangano Chakale ezov sagwira ntchito ya mankhwala akumwa ngakhale pamalo amodzi. Iye ndi chowazira. Pa Eksodo 12 Aisraeli akuwuzidwa kutenga kamtolo ka chitsambachi, kukaviyika m'magazi a mwanawankhosa wa Paskha n'kupaka pa mphuthu za khomo. Pa Levitiko 14 wansembe akuchigwiritsa ntchito pamodzi ndi mtengo wa mkungudza, ulusi wofiira ndi mbalame ziwiri poyeretsa munthu amene wachira khate. Pa Numeri 19 chikutenthedwa pamodzi ndi ng'ombe yofiira, kenaka chikuwazira madzi a phulusa lake pa munthu amene wakhudza mtembo. Salimo 51 likutenga mwambo womwewu n'kuwusandutsa fanizo la kukhululukidwa. Malo amodzi okha ndiwo akunenako za kukula kwake: pa 1 Mafumu 4, pofuna kuwonetsa kuti Solomo ankadziwa zomera zonse, wolemba akutchula mkungudza ngati chachikulu koposa ndi ezov womera pakhoma ngati chaching'ono koposa. Choncho tikufuna kachitsamba kotha kumera m'ming'alu ya miyala, kopezeka mosavuta, kotha kumangidwa kamtolo, ndiponso kosunga madzi m'masamba mwake kuti asatayikire m'njira. Hyssopus officinalis akugwa pa mayeso oyamba pomwe, chifukwa samera yekha m'tchire la Palestine kapena la Egypt. Kwawo ndi kummwera kwa Ulaya mpaka kumadera ozungulira nyanja ya Caspian.

Umboni umene umandikondweretsa kwambiri ngati wofufuza za mawu uli m'buku la malamulo a Chiyuda lotchedwa Mishnah, limene lidasonkhanitsidwa cha m'ma 200 Khristu atabadwa. Aphunzitsi a Chiyuda ankafunika kudziwa ezov weniweni, chifukwa mwambo woyeretsa wochitidwa ndi chitsamba cholakwika udali wopanda ntchito. Nawonso sadafotokoze masamba kapena maluwa. M'malo mwake adayika lamulo lokhudza dzina: ezov aliyense amene dzina lake lili ndi mawu owonjezera ndi wosaloledwa. Adatchula ezov wa Chigiriki, ezov wa Chiroma, ezov wa m'chipululu ndi wina wotchedwa kohalit. Wololedwa ndi yekhayo amene anthu amangomutcha ezov basi, ndipo kamtolo koyenera kadali ka timapesi titatu. Pamalo ena m'buku lomwelo adaletsa kudya ezov wa Chigiriki pa Sabata, chifukwa si chakudya cha anthu abwinobwino koma mankhwala a odwala.

Lamuloli likutiwuza kuti dzinali lidali la gulu la zitsamba, osati la chomera chimodzi. Awerengi akumbukire liwu lathu loti therere. Therere lobala ndi chomera china, denje ndi china, chewe ndi chinanso, ndipo katswiri wa zomera amaziyika m'mitundu yosiyana. Koma mayi wa pamudzi amazitcha zonse therere chifukwa mumphika zonse zimaterera. Dzinalo lagona pa ntchito ya chinthu, osati pa mawonekedwe a duwa. Ezov ndi hyssopos adali mayina a mtundu womwewo, ogona pa fungo ndi pa ntchito. Mlendo amene angadzawerenge liwu loti therere patapita zaka 2,000 n'kumalimbikira kupeza chomera chimodzi chokha adzavutika monga tikuvutikira ife ndi hisope. Lamuloli likutiwuzanso kuti Ayuda ankadziwa chitsamba china chamankhwala chimene ankachiyesa cha Agiriki, ndipo ankachikana pa mwambo wawo. Mayina amene omasulira a ku Alexandria adawayika pamodzi, anthu ogwira chitsamba chenichenicho ndi manja adawalekanitsa.

Amene adasunga chikumbumtima cha ezov wopanda mawu owonjezera ndi Ayuda a m'mayiko a Chiarabu. Saadia Gaon, amene adabadwira ku Egypt mu 882 n'kumwalira mu 942, pomasulira mabuku a Mose m'Chiarabu akadatha kutenga liwu loti zufa, mbale wake weniweni wa ezov, monga adachitira a ku Alexandria aja. Iye sadatero. Adalemba za'tar, dzina la chitsamba chimene anthu a kumeneko amadyera buledi ndi mafuta a olivi mpaka lero. Maimonides, amene adamwalira mu 1204, adanenanso chimodzimodzi. Saadia adatsata chinthu, osati kamvekedwe ka liwu, ndipo ine ndikuwona kuti pakati pa omasulira onse a nkhani ino iye ndiye adagwira ntchito yake bwino koposa. Za'tar nalonso ndi dzina la zitsamba zingapo, koma chachikulu mwa izo ndi Origanum syriacum. Chimenechi chimamera m'miyala ya m'mapiri a Palestine, Lebanon ndi Syria. Maluwa ake ndi oyera, ang'onoang'ono, ndipo masamba ake ndi otuwa, a cheya chambiri chimene chimagwira madzi ngati burashi. Asamariya, amene amaphabe nkhosa za Paskha paphiri la Gerizim, akhala akugwiritsa ntchito chitsamba chomwechi pa magazi a nsembe yawo. Michael Zohary wa ku Hebrew University ku Jerusalem adavomereza ganizoli m'buku lake la 1982 lonena za zomera za m'Baibulo, ndipo ndilo ganizo limene akatswiri ambiri amatsata.

Liwu loti zufa, limene Saadia adalipewa, lidali ndi mavuto akeake oyenera kuwatchula pano ngakhale mwachidule. M'Chigiriki muli liwu lina loti oisypos, lotanthauza mafuta a mu ubweya wa nkhosa amene ankapaka pa zilonda. Pofika m'zaka za m'ma 800, pamene buku la Dioscorides linkamasuliridwa m'Chiarabu ku Baghdad, katchulidwe ka Chigiriki kadali katasintha: h sankamvekanso, ndipo oi ndi y zinkatchulidwa chimodzimodzi, kotero kuti hyssopos ndi oisypos ankangosiyana lembo la liwu limodzi lokha. M'mabuku a mankhwala a Chiarabu mudapezeka tsono zufa wowuma, ndiye chitsamba, ndi zufa wonyowa, ndiwo mafuta a nkhosa. Mabukuwo atamasuliridwa m'Chilatini, ogulitsa mankhwala a ku Ulaya adayamba kutcha mafuta a ubweya aja ysopus humida, kutanthauza hisope wonyowa. Padalibe wofuna kunama. Khutu ndilo lidasokeretsa dzanja.

Nanga Hyssopus officinalis adalowa bwanji m'nkhaniyi? Jerome, pomasulira Baibulo m'Chilatini cha m'ma 400, adasunga liwu lomwelo. Augustine wa ku Hippo, polalikira pa Salimo lija, adati hisope ndi chitsamba chonyozeka koma chamankhwala, chimene muzu wake umakanirira pamwala ndipo chimatsuka mapapo, amene iye ankawayesa chizindikiro cha kudzitukumula. Mu ulaliki umenewu chowazira cha Ahebri ndi mankhwala a chifuwa a Agiriki zidasanduka chinthu chimodzi. Ndime ya Salimoli idakhalanso nyimbo yoyimba powaza anthu madzi odalitsidwa Misa ya Lamulungu isanayambe, kotero kuti padalibe mmonke wosalidziwa dzinali. Kumpoto kwa mapiri a Alps za'tar samera yekha, koma amonke ankalima m'madimba mwawo chitsamba china cha banja lomwelo, chonunkhira ndiponso chothandiza pa chifuwa, ndipo dzina lidakhazikika pa chimenechi. Pamene Carl Linnaeus ankakonza mayina a sayansi m'buku lake la Species Plantarum mu 1753, adangotsata zimene adapeza. Chitsamba cha m'madimba a ku Ulaya adachitcha Hyssopus, n'kuwonjezera liwu loti officinalis, lochokera ku officina, chipinda chosungiramo mankhwala. M'buku lomwelo muli Origanum syriacum, pamalo ena, popanda chosonyeza kuti ndiye mwini dzina. Linnaeus sadalakwe pa ntchito yake, pakuti dzina la sayansi ndi chizindikiro chabe ndipo sililonjeza kusunga mbiri. Vuto ndi lakuti dzina likasindikizidwa m'Chilatini limakhala ndi ulemu umene alembi ambiri amawopa kuwutsutsa.

Kukayikira kudalipo kale m'masiku a Linnaeus omwewo. Olof Celsius, amene adamusunga m'nyumba mwake ku Uppsala akadali wophunzira wosauka, adasindikiza buku lotchedwa Hierobotanicon pakati pa 1745 ndi 1747, m'mene adandandalika zomera 18 zimene anthu osiyanasiyana adaziganizirapo kuti ndi hisope. M'zaka za m'ma 1840 John Forbes Royle adalimbikira Capparis spinosa, chitsamba chimene chimalendewera pa makoma akale a ku Jerusalem ndipo dzina lake lina m'Chiarabu ndi asaf. Mfundo ya khoma idali yabwino, koma chitsambacho n'chaminga ndipo masamba ake ndi osalala, osatha kugwira madzi. Nayenso adakopeka ndi kamvekedwe ka liwu.

Pamene liwuli lavutitsa akonzi kwambiri ndi pa Yohane 19:29. Mateyu ndi Marko, pofotokoza za chinkhupule cha vinyo wosasa chimene adapatsa Yesu pamtanda, akuti chidayikidwa pa kalamos, ndiye bango. Yohane akuti chidayikidwa pa hyssopos. Kodi kachitsamba komera pakhoma kangathe bwanji kunyamula chinkhupule chonyowa n'kuchifikitsa pakamwa pa munthu wopachikidwa? Ena adayankha kuti apa liwuli likutanthauza phesi la mapira, ena adati chitsambacho chidamangidwa kunsonga kwa bango. Koma yankho limene lidatchuka ndi la Joachim Camerarius, mphunzitsi wa ku Leipzig, amene mu 1572 adati cholakwa chili m'kalembedwe. M'Chigiriki muli liwu loti hyssos, dzina la nthungo ya asilikali a Chiroma. Kalelo Chigiriki chinkalembedwa ndi malembo aakuluakulu okhaokha, popanda mipata pakati pa mawu, ndipo liwu lotsatira m'ndimeyi limayamba ndi PERI. Ngati wolemba adatanthauza nthungo, mzerewo udali HYSSOPERI; ngati adatanthauza hisope, udali HYSSOPOPERI. Kusiyana kwake ndi malembo awiri okha. Otsata ganizoli amati wokopera wina adabwereza malembo awiriwo mosadziwa, nthungo n'kusanduka chitsamba. Amene amati malamulo a kagawidwe ka mawu ndi nkhani ya anthu osowa zochita aganizirepo apa.

Ganizoli lidapeza mphamvu pamene kudadziwika kuti kope lina lolemba pamanja la m'zaka za m'ma 1000, lodziwika ndi nambala 476 ndipo limasungidwa ku London, lili ndi mawu afupiwo. Baibulo la Chingerezi la New English Bible, limene Chipangano Chatsopano chake chidatuluka mu 1961, lidayika nthungo m'ndimeyi.

Ganizoli n'lokoma, koma silingayime. Kope limodzi la mochedwa likutsutsana ndi makope ena osawerengeka, kuphatikizapo akuluakulu a m'zaka za m'ma 300. Mkonzi aliyense amene adawerengapo zolemba zisanapite kosindikiza akudziwanso kuti malembo ofanana akatsatizana, diso limafulumira kudumpha kuchoka pa oyamba kufika pa achiwiri. N'kwapafupi tsono kuti wokopera wa kope la 476 ndiye adataya malembo awiriwo. Kuwonjezera apo, hyssos idali nthungo ya magulu akuluakulu a nkhondo a Aroma, pamene asilikali amene Pilato adali nawo ku Judea adali a magulu othandizira. Ndipo ndime zisanu zokha patsogolo pake, pamene Yohane akufunadi kutchula nthungo yobayira m'nthiti, akugwiritsa ntchito liwu lina, lonche. Mfundo imene ikundikhutiritsa kwambiri ndi ya cholinga cha wolemba. Yohane akuwonetsa Yesu ngati mwanawankhosa wa Paskha, ndipo m'mutu womwewu akukumbutsa awerengi za lamulo loletsa kuthyola mafupa ake. Wolemba wotere sakadatchula mwangozi chitsamba cha pa Eksodo 12. Za kutalika nazo si vuto lalikulu monga zimawonekera m'zithunzi za m'matchalitchi: mitanda yambiri ya Aroma sidali yayitali, ndipo phesi lokhwima la Origanum syriacum limatha kuyandikira mita imodzi. Baibulo la Chingerezi lija litakonzedwanso mu 1989 pansi pa dzina la Revised English Bible, hisope adabwerera pamalo pake. Buku Lopatulika silidamuchotsepo n'kale lomwe.

Wina angafunse kuti zonsezi zili ndi phindu lanji kwa mphunzitsi wa Chichewa. Phindu loyamba ndi lokhudza moyo wa munthu. Mafuta ofinya kuchokera ku Hyssopus officinalis ali ndi mankhwala otchedwa pinocamphone, amene akachuluka amagwetsa munthu ngati wa khunyu, makamaka ana. Mafuta a Origanum syriacum ali ndi carvacrol ndi thymol, amene amapha tizilombo. Munthu amene wawerenga mumtanthauziramawu kuti hisope wa m'Baibulo ndi Hyssopus officinalis, kenaka n'kuwona dzinalo pa botolo la mankhwala azitsamba, akhoza kukhulupirira kuti wapeza mankhwala a m'Malemba, chonsecho chitsamba cha m'Malembacho n'china ndipo ntchito yake idali yowazira, osati yakumwa.

Pa msonkhano wathu uja padali ganizo loti m'mabuku a ana tizingolemba mpungabwi, popeza ndi wa banja lomwelo ndipo ana amamudziwa. Ine ndidakana. Kutero ndiko kubwereza zimene adachita amonke a ku Ulaya, ndipo pakadzapita mibadwo itatu wina adzalemba kuti Aisraeli adapaka magazi ndi mpungabwi. Mpungabwi atithandize pofotokoza, koma asalande dzina. Liwu loti hisope lakhala m'Chichewa zaka zoposa 100, likutsata kapangidwe ka maphatikizo athu, ndipo palibe chifukwa cholilembera hisopi kapena hisopo. Likulowa m'gulu la mayina la Mu-, A- monga fodya, choncho timati hisope uyu, hisope wowuma, hisope watha. Tanthauzo limene tidagwirizana pomaliza ndi ili: "hisope, dzina lobwereka lochokera ku Chigiriki hyssopos ndi Chihebri ezov, gulu la zitsamba zing'onozing'ono zonunkhira za kumayiko ozungulira nyanja ya Mediterranean, za banja limodzi ndi mpungabwi, m'Baibulo, makamaka Origanum syriacum, chimene ankawazira magazi ndi madzi pa miyambo yoyeretsa, kwa asing'anga a Chigiriki, mankhwala a chifuwa." Wojambula zithunzi tidamuwuza kuti masamba akhale obulungira ndi otuwa, ndipo maluwa akhale oyera.